Disiki ya buleki: isikimidwe kapena igulidwe ina?

Teremu yathayi minibasi ya sukulu yathu inayamba kulira kutsogolo dalaivala akangoponda buleki. Poyamba kanali kaphokoso kosongoka kokha, kenako chiwongolero chinayamba kunjenjemera ikamaima kuchokera pa liwiro. Monga akomiti amafunira ndalama isanatuluke, dalaivala anapita nayo ku magalaja awiri kuti abweretse mitengo iwiri. Amakaniko onse awiri anagwirizana kuti mapadi atha. Pa madisiki mpamene anasiyana. Wina anati asikimidwe basi, adakali bwino. Mnzake anati atayidwe, tigule atsopano. Mtengo wa wachiwiriyo unali wokwera kwambiri moti pamsonkhano ena anaganiza kuti akufuna kutidyera, pomwe ena ankaopa kuti woyambayo akuseweretsa miyoyo ya ana.

Titawerenganso mapepala awiri aja tinapeza kuti onse analibe chinthu chimodzi: nambala. Panalibe amene analemba kuti disikiyo yatsala yokhuthala bwanji. Onse anangoiona ndi maso n'kuisisita ndi chala.

Ife a gawo la sayansi tinaona kuti apa pali phunziro. Ophunzira a Fomu 3 ndi 4 mupezamo Fizikisi yomwe mumangoiona pa bolodi. Makolo amene muli ndi galimoto kapena njinga yamoto, ndi akuluakulu a komiti amene mumasainira ndalama zokonzera minibasi, mupezamo mafunso oyenera kufunsa makaniko.

Zomwe zili kuseri kwa tayala

Mukachotsa tayala lakutsogolo la galimoto zambiri za masiku ano mumaona chitsulo chozungulira ngati mbale yaphwatalala. Imeneyo ndiyo disiki. Mabuku a ku America amaitcha rotor, koma chinthu chake ndi chimodzi. Imazungulira limodzi ndi tayala. Pambali pake pali chitsulo china choikumbatira ngati mbano, dzina lake kalipa, ndipo mkati mwa kalipamo muli mapadi awiri, ina mbali iyi ina mbali inayo. Dalaivala akaponda buleki amakankha mafuta a buleki m'timapaipi, mafutawo amakankha pisitoni ya mu kalipa, pisitoniyo imakankha mapadi, ndipo mapadiwo amatsina disiki. Ophunzira mukumbukira lamulo la Pascal lonena za mphamvu yoyenda m'zamadzimadzi: ndi lomwe limachititsa kuti phazi la munthu mmodzi liimitse galimoto yodzaza anthu. Kumbuyo, maminibasi ambiri ali ndi mabuleki a mtundu wina, a dilamu, amene sitikamba lero.

Nzeru ya disikiyi si yatsopano. Frederick Lanchester wa ku Birmingham anailembetsa m'chaka cha 1902, koma inatchuka galimoto ya Jaguar itapambana nayo mpikisano wa Le Mans mu 1953. Pofika 1955 Citroën DS inkagulitsidwa kwa anthu wamba ili ndi madisiki kutsogolo.

Mapadi anawapanga kuti azidyeka. Atsopano amakhala okhuthala mamilimita 10 mpaka 12, ndipo akatsala awiri kapena atatu ndiye kuti atha. Ambiri ali ndi kachitsulo kamene kamayamba kukanda disiki padi ikatsala pang'ono. Kulira komwe tinamva kuja kunali komweko, ndipo ndi chenjezo lochita kuikidwa dala. Disiki nayo imadyeka, kungoti pang'onopang'ono. Kawirikawiri imodzi imaona maseti awiri kapena atatu a mapadi isanathe. N'chifukwa chake funso la disiki limabwera nthawi iliyonse mapadi akusinthidwa.

Liwiro limapita kuti galimoto ikaima?

Mphamvu siitayika, imangosintha maonekedwe. Galimoto yothamanga ili ndi mphamvu ya kuyenda, ndipo ntchito ya buleki ndi kusandutsa mphamvu imeneyo kuti ikhale kutentha, monga momwe makolo akale ankapekera moto ndi timitengo tiwiri. Amene munatsetserekapo pa njinga yakapalasa mutanyamula thumba la chimanga n'kukhudza limu pansi pa mtsetse mukudziwa kale.

Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze kuti minibasi yodzaza ikulemera makilogalamu 3,000 ndipo ikuthamanga makilomita 80 pa ola, omwe ndi mamita pafupifupi 22 pa sekondi. Mphamvu ya kuyenda ndi theka la kulemera kuchulukitsa ndi liwiro kawiri: ½ × 3,000 × 22 × 22 = 726,000 joules. Kutentha kumeneku kungawiritse madzi ozizira opitirira malita awiri, ndipo mabuleki amakulandira m'masekondi ochepa chabe. Onani kuti liwiro likulowa kawiri mu samuyi. Pa makilomita 40 pa ola mabuleki salandira theka la kutenthaku ayi, amalandira gawo limodzi la magawo anayi.

Galimoto ikamaima kulemera kwake kumathamangira kutsogolo, choncho mabuleki akutsogolo ndi amene amasenza ntchito yambiri, pafupifupi magawo 7 mwa 10. Ndiye kuti disiki iliyonse yakutsogolo ilandira 254,000 joules kapena kuyandikira pamenepo. Madisiki ambiri amapangidwa ndi chitsulo cha cast iron, chomwe chimafuna pafupifupi 460 joules kuti kilogalamu imodzi itenthe ndi digiri imodzi. Disiki ya makilogalamu 8 ikwera choncho ndi madigiri pafupifupi 69 pa kuima kamodzi kokha.

Kuima kamodzi si vuto. Vuto ndi mtsetse. Blantyre ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Chikwawa safika mamita 200. Minibasi yathu ija ikangotsika mamita 500 okha, mphamvu yoyenera kuchotsedwa ndi 3,000 × 10 × 500, yomwe ndi 15,000,000 joules. Zili ngati kuima mwamphamvu kuchokera pa 80 maulendo oposa 20 motsatizana, popanda kupumira. Amene munatsikapo pa Khwekhwelere kulowera ku Golomoti mwina munamvapo fungo la chinthu chopserera kuchokera ku matayala a galimoto yakutsogolo kwanu. N'chifukwa chake dalaivala wodziwa ntchito amatsika pa giya yaying'ono kuti injini ithandize kugwira galimoto, osati kukhazika phazi pa buleki njira yonse.

Disiki tsono ndi nkhokwe ya kutentha. Imakulandira msanga n'kumakupereka ku mphepo pang'onopang'ono. Yakutsogolo nthawi zambiri imakhala ya makoma awiri okhala ndi mipata pakati kuti mpweya uzidutsamo.

Kusikima n'kutani?

Kusikima ndi kumanga disiki pa makina osemera zitsulo otchedwa lathe n'kuipala mbali zonse ziwiri mpaka nkhope yake isalale, monga kalipentala amapalira thabwa lokhakhala. Zikachitika bwino, mizere ndi dzimbiri zimachoka, mbali ziwirizo zimakhala zofanana, ndipo mapadi atsopano amapeza pogona pabwino. Palibe choipa pa ntchitoyi. Opanga galimoto ambiri amaivomereza. Koma thabwa lopalidwa silikhuthalanso. Chitsulo chimene chagwa pansi pa makina aja chapita.

Opanga disiki amadziwa kuti idzadyeka, choncho amaika malire. Yang'anani m'mphepete mwake kapena pa chipewa chake chapakati, mutapala dzimbiri ndi bulashi yawaya: mupeza mawu akuti MIN TH otsatana ndi nambala ya mamilimita. Kumeneko ndiko kupyapyala komaliza kololedwa. Chimene chimadabwitsa ambiri ndi kuchepa kwa mpata wake. Pa madisiki ambiri a mipata pakati, kusiyana kwa yatsopano ndi yotha ndi mamilimita awiri okha, imodzi mbali iliyonse. Disiki yomwe inabadwa ndi 28 imatha pa 26. Diso la munthu silingasiyanitse 26.8 ndi 25.8, koma ina ndi yololedwa, ina ndi yoyenera kutayidwa.

Wophunzira wina watcheru anatifunsa m'kalasi kuti mamilimita awiri angasinthe chiyani pa chitsulo cholemera choncho. Funso labwino, ndipo samu yathu ija yokha siiyankha mokwanira. Kuchotsa mamilimita awiri pa disiki yaikulu ngati ya minibasi kumachotsa chitsulo pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo kukwera kwa kutentha kumachoka pa madigiri 69 kufika pa 74. Kusiyana kwake n'kochepa. Koma samuyo ikuyerekeza kuti kutentha kumafalikira disiki yonse nthawi yomweyo, pomwe zoona zake n'zakuti kumalowera pankhope, pa makoma awiri opyapyala aja. Khoma lililonse ndi la mamilimita osafika 10, choncho kuchotsapo imodzi ndi kuchotsa gawo loposa limodzi mwa magawo khumi pamalo penipeni pomwe moto ukuyakira. Amayi amene munaphikapo nsima mu poto wopyapyala mukudziwa momwe imapsererera pansi pamwamba isanapse. Khoma lopyapyala limatentha msanga, limafutukuka n'kubwerera mobwerezabwereza, ndipo mapeto ake limachita ming'alu.

Palinso china. Disiki ikapyapyala, pisitoni imayenera kutuluka kwambiri mu kalipa kuti ifikire. Mapadi nawo akadzatha, pisitoniyo imakhala itatuluka kupitirira pomwe anaipangira, ndipo ikhoza kupendekeka, kukanirira, kapena kuyamba kudonthetsa mafuta. Nambala ya MIN TH ija anaiwerengera poganizira zonsezi.

Kutentha kukapitirira kumachitika zinthu ziwiri, zonse zoopsa. Mapadi otentha mopyola muyeso amasiya kugwira: dalaivala amaponda, chopondera chili cholimba bwinobwino, koma galimoto ikungopita. Kapena mafuta a buleki amawira. Mafuta a DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira kutentha kusanafike madigiri 205, a DOT 4 madigiri 230. Koma mafutawa amayamwa chinyezi cha mu mpweya, ndipo akakalamba malirewo amatsika kufika pa 140 ndi 155. Akawira mumalowa nthunzi m'timapaipi, ndipo nthunzi imafinyika pomwe mafuta safinyika. Chopondera chimangolowa mpaka pansi. Ndicho chifukwa opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, chinthu chimene kwathu kuno ambiri sitichita. Timangothiramo ena akachepa.

Kayezedwe kake

Chida choyenera ndi micrometer, yomwe ija mumayezera waya mu labu. Veniya wamba amanama pa ntchitoyi. Mapadi safika kumapeto kwenikweni kwa disiki, choncho m'mphepete mumatsala kamlomo kokwera komwe sikadyeka. Nsagwada za veniya zimakhala pa kamlomoko n'kukupatsani nambala ya disiki yatsopano. Micrometer imadumpha kamlomoko n'kuluma pamene mapadi amadutsa. Yezani pafupifupi mamilimita 10 kuchokera m'mphepete, pamalo asanu ndi atatu kuzungulira disiki yonse, ndipo lembani manambala onse. Yaying'ono kwambiri ndiyo ya disikiyo.

Mukatero pali masamu a sitandade 5. Tengani nambala yaying'onoyo, chotsanipo chitsulo chomwe makina adye kuti afike pansi pa mzere wozama kwambiri, mbali zonse ziwiri. Chotsalacho chiyenera kukhala pamwamba pa MIN TH. Ndipo kungokhala pamwamba sikokwanira, chifukwa disikiyo ikupita kukagwira ntchito ndi mapadi atsopano amene aidyenso mpaka iwo adzathe. Disiki yotuluka pa makina ili ndendende pa malire imakhala itadutsa malirewo pakangopita milungu yochepa. Ngati maseti awiri kapena atatu a mapadi amadya mamilimita awiri, ndiye kuti seti imodzi imafuna mpata woposa theka la milimita. Ife tikuona kuti kusikima disiki yomwe itsale ndi mpata wochepera pamenepo ndi kulipira kawiri: lero kwa wa makina, posachedwa kwa wogulitsa madisiki.

Njira yachitatu yomwe saitchula

Anthu amakamba ngati njira zilipo ziwiri zokha, kusikima kapena kugula. Ilipo yachitatu: kuisiya disiki momwe ilili. Ngati ili yokhuthala mokwanira, buleki siikunjenjemera, palibe ming'alu, ndipo nkhope yake ili ndi timizere tosazama tokha tozungulira, palibe chifukwa choidulira. Timizere totere n'tachibadwa. Makaniko amangoipukuta ndi sandipepa pang'ono kuti achotse kunyezimira kwa mapadi akale, kuitsuka, n'kumanga atsopano. Chizolowezi chosikima nthawi iliyonse mapadi akusinthidwa chimafupikitsa moyo wa disiki popanda phindu. Makolo amene galimoto zanu ndi zazing'ono ndipo zimangoyenda m'tauni, nthawi zambiri njira yanu ndi imeneyi.

Kusikima kuli ndi malo ake pamene chitsulo chilipo chokwanira koma nkhope yawonongeka: padi inatha mpaka chitsulo chake chinalemba mizere yoti chikhadabo chikukodwamo, kapena galimoto inakhala miyezi yambiri osayenda ndipo dzimbiri linadya paliponse kupatula pomwe padi inagona. Galimoto zogula zakale zochokera ku Japan zikakhalitsa padoko ndi m'njira zimafika nthawi zina ndi vuto lachiwirili.

Ndipo pali madisiki amene safunika n'komwe kuwayeza. Mng'alu wofika m'mphepete, kapena woti chikhadabo chikulowamo, ndi chiweruzo chomaliza. Disiki yotere ikhoza kusweka ili pa liwiro. Mawanga abuluu olimba amasonyeza kuti chitsulo chinapsa n'kusintha mkati momwe. Mpeni wa makina umadumpha pa mawanga otere, ndipo ngakhale nkhope ioneke yosalala, amadzatulukiranso chifukwa samadyeka mofanana ndi chitsulo chowazungulira. Dzimbiri likadya timizati ta m'mipata ya pakati ija, disikiyo yafooka mkati. Zonsezi mankhwala ake ndi kugula ina. Ndipo madisiki amasinthidwa awiriawiri, kumanzere ndi kumanja limodzi, monganso mapadi. Yatsopano mbali imodzi ndi yakale mbali inayo zimagwira mosiyana, ndipo galimoto imakokera kumbali pa nthawi imene mukufunitsitsa kuti iime mowongoka.

Za kunjenjemera

Chiwongolero chikamanjenjemera poponda buleki, aliyense amati disiki yapindika. Nthawi zambiri siinapindike. Chimene chachitika n'chakuti yakhuthala mosiyana: pena yadyeka kwambiri, pena pang'ono, kapena mapadi asiya zotsalira zawo pamalo amodzi. Pokhuthala pakamadutsa pakati pa mapadi pamakankha pisitoni kubwerera, ndipo phazi ndi manja zimamva kugunda. Kusiyana kofunika kuti izi zichitike n'kochepa modabwitsa. Pepala la mu kope lanu ndi lokhuthala pafupifupi 0.1 mm. Pa galimoto zambiri kusiyana kwa 0.02 mm, gawo limodzi mwa magawo asanu a pepalalo, ndi kokwanira kudutsa malire ololedwa. Manambala asanu ndi atatu aja ndi amene amaulula zimenezi.

Kusikima kumachotsa kunjenjemeraku, inde, ndipo disiki yatsopano nayo imakuchotsa. Koma ngati gwero lake silinapezeke kumabweranso pakapita miyezi. Gwero lake kawirikawiri ndi kamangidwe. Disiki imagona pa chitsulo chapakati chotchedwa habu. Pakakhala dzimbiri kapena mchenga pakati pa ziwirizi, disiki imakhala mopendekeka pang'ono n'kumayenda mwa dzendedzende, ndipo pa kuzungulira kulikonse imakhudza padi pamalo amodzimodzi ngakhale buleki isanapondedwe. Pamalopo pamadyeka. Dzendedzendeyu amayezedwa ndi wotchi ya singano yotchedwa dial gauge, ndipo malire ake pa galimoto zambiri ali cha pa 0.05 mm. Manati a tayala omangidwa mosiyana mphamvu amabweretsa vuto lomweli. Tonse tinaonapo mnyamata wa pa matayala ataimirira pa sipanala yowonjezera paipi, akudumphapo kuti nati ilimbe. Manati amayenera kumangidwa modumphitsa, iyi kenako yoyang'anizana nayo, ndi sipanala yoyeza mphamvu, torque wrench, pa mlingo womwe buku la galimotoyo lanena.

Malangizo a pa intaneti

Mukafufuza nkhaniyi pa foni mupeza amakaniko ambiri a ku America ndi ku Ulaya akunena kuti kusikima ndi zachikale, ingogulani zatsopano. Kwawoko n'zomveka. Ola limodzi la makaniko ndi lodula kwambiri pomwe disiki ndi yotsika mtengo, choncho kuimanga pa makina kumadya ndalama zofanana ndi kugula ina. Komanso madisiki a galimoto zatsopano amapangidwa opepuka, opanda chitsulo chambiri chopuma. Kuno zinthu ndi zotembenuka. Disiki iliyonse imachokera kunja ndipo imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zida za galimoto inakwera nayo. Ntchito ya manja ndiyo yotsika. Choncho kwa ife kusikima kudakali kwanzeru pomwe nambala ikulola. Mtengo ungasankhe pakati pa njira ziwiri zololedwa, koma sungasunthe MIN TH.

Pa chifukwa cha mitengo yomweyo ambiri amagula madisiki ophwasulidwa pa galimoto zina. Sitikuletsa, koma pitani ndi micrometer. Disiki yakale yosikimidwa kumene imanyezimira kuposa yatsopano, ndipo ikhoza kukhala yopyapyala kuposa imene mukuchotsayo. Yatsopano ya m'bokosi nayo iyezeni, muonenso ngati ili ndi nambala ya MIN TH. Yopanda nambala iliyonse ife sitingaimange pa galimoto yonyamula ana.

Ntchito ikatha

Disiki yatsopano imabwera itapakidwa mafuta oteteza dzimbiri, ndipo ayenera kutsukidwa onse isanakumane ndi mapadi. Yosikimidwa itsukidwe ndi madzi a sopo kuti tizitsulo tosalala tichoke. Fumbi la mabuleki musamalipemerere ndi mpweya kapena pakamwa. Mapadi ena, makamaka akale ndi osadziwika kochokera, amakhala ndi asbestos yemwe amawononga mapapo. Pukutani ndi nsalu yonyowa.

Galimoto isanasunthe, pondani buleki kangapo mpaka chopondera chilimbe. Pomanga mapadi atsopano makaniko amabweza pisitoni mkati, ndipo kuponda koyamba kumangolowa osagwira kanthu. Ngozi zina zimachitikira pachipata cha galaja penipeni chifukwa choiwala zimenezi.

Mapadi atsopano amafunika kuzolowerana ndi disiki. Pa msewu wopanda anthu, thamangani cha pa 60, pondani mwapakatikati mpaka liwiro litsike cha pa 10 osaima kwenikweni, bwerezani maulendo asanu ndi atatu kapena khumi, kenako yendani pang'ono osaponda kuti zizizire. Izi zimapaka kansalu kopyapyala ka padi mofanana pa disiki yonse. Musaime n'kukanikiza chopondera disiki ili yotentha kwambiri, chifukwa padi imadinda chithunzi chake pamalo amodzi ndipo kunjenjemera kumayambira pomwepo. Makilomita 200 kapena 300 oyamba pewani kuponda mwankhanza pokhapokha pa ngozi. Tsiku lotsatira kukonza mabuleki si tsiku lodzaza ana kupita nawo ku mpira kutsidya la phiri.

Za minibasi yathu

Tinabwereka micrometer ya mu labu n'kupita ndi ophunzira anayi a Fomu 4 ku galaja yoyamba ija. Makaniko sanakhumudwe; anachotsa matayala n'kutisiya tiyeze, iye akuonerera. Titapala dzimbiri tinapeza MIN TH 26 mm. Disiki yakumanzere nambala yake yaying'ono inali 26.9. Yakumanja inali 26.3. Zonse ziwiri zinali ndi mizere yofuna kudula pafupifupi 0.3 mm mbali iliyonse, kutanthauza 0.6 mm pa disiki. Yakumanzere ikanatsala 26.3, mpata wa 0.3 mm wokha pamwamba pa malire. Yakumanja ikanatsala 25.7, yotha kale isanabwerere pa galimoto. Akomiti anavomereza kugula awiri atsopano.

Ndiye kuti galaja yachiwiri inalondola, ngakhale inalondola mongolota. Koma mtsikana mmodzi mwa ophunzira aja anafunsa chimene magalaja onse awiri sanafunse: bwanji yakumanja yadyeka kuposa inzake pomwe zayenda mtunda wofanana? Makaniko anamasula kalipa ya mbali imeneyo. Kalipa imayenda pa timapini tiwiri topakidwa girisi kuti mapadi azibwerera dalaivala akachotsa phazi. Kapini kamodzi kanali katauma ndi dzimbiri chifukwa kamphira kokaphimba kanang'ambika, ndipo padi imodzi inkangokhula disiki ulendo wonse. Tikanangomanga madisiki atsopano, yakumanja ikanayambanso kudyeka tsiku lomwelo. Kamphira ndi girisi zinadya ndalama yochepa kuposa china chilichonse pa lisiti. Mafuta a buleki, amene palibe ankakumbukira tsiku lomwe anasinthidwa, tinawasinthanso.

Kuchokera pamenepo akomiti anagwirizana kuti pepala lililonse la mtengo wa mabuleki lizibwera ndi manambala atatu pa disiki iliyonse: MIN TH, kukhuthala kwa lero, ndi kukhuthala komwe kutsale ikasikimidwa. Manambalawo azilembedwa m'buku la minibasi pamodzi ndi makilomita a tsikulo, kuti ulendo wotsatira tidzadziwe kuti seti imodzi ya mapadi imadya disiki yathu mochuluka bwanji. Pepala la COF limanena kuti mabuleki anagwira tsiku loyesedwa. Silinena kuti chitsulo chatsala chochuluka bwanji. Makolo mukhoza kupempha manambala omwewa ku galaja yanu, ndipo zida zakale zochotsedwa muzipempha kuti muzione.

Ntchito ya Fomu 3 ndi 4, yobweretsa Lolemba likudzali. Choyamba: galimoto yaying'ono ya makilogalamu 1,200 ikuthamanga makilomita 100 pa ola. Pezani mphamvu yomwe mabuleki asandutse kutentha kuti iime, ndipo ngati magawo 7 mwa 10 apita kutsogolo, pezani kukwera kwa kutentha kwa disiki iliyonse ya makilogalamu 5. Chachiwiri: disiki yalembedwa MIN TH 20 mm, ndipo manambala oyezedwa ndi 21.42, 21.40, 21.45, 21.41, 21.38, 21.44, 21.40 ndi 21.43. Mwini wake akuti chiwongolero chikunjenjemera, ndipo wa makina akuti adula 0.2 mm mbali iliyonse. Isiyidwe, isikimidwe, kapena igulidwe ina? Lembani masamu anu onse, ndipo tchulani chinthu chimodzi chimene makaniko ayenera kuyang'ana pa habu asanaimangenso.